Kiyibodi yolemba n'kusiya, n'kuyambanso: mafunso ndi mayankho

Kiyibodi yoferatu sivuta, mumangodziwa kuti yafa. Yovuta ndi ija imalemba bwinobwino m'mawa, masana n'kudumpha zilembo, madzulo n'kukhalanso bwino. Vuto lotere pafupifupi nthawi zonse limachokera pa zinthu zitatu: china chake chakhwepa, china chake chada, kapena magetsi sakufika mokwanira. Mayankho ali m'munsiwa akuthandizani kudziwa kuti mwa zitatuzi chanu ndi chiti musanapite m'tauni kukagula kiyibodi ina kapena kukafufutitsa Windows.

Ndiyambire pati?

Musamasule kanthu kaye. Tsegulani Notepad, kapulogalamu kolembera ka mu Windows, dinani batani lililonse kuyambira kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, ndipo lembani papepala amene akukana. Kenako dzifunseni: kodi imasiya yonse nthawi imodzi, kapena ndi mabatani omwewomwewo? Imasiya mukasuntha chingwe, mukatsegula kwambiri chivundikiro cha laputopu, kompyuta ikatentha, kapena ikangodzuka itagona?

Ikamasiya yonse, yang'anani ka nyali ka Caps Lock kapena Num Lock pa nthawi yomwe yasiyayo. Ngati kazima ndipo mukumva kaphokoso kaja ka Windows kosonyeza kuti chipangizo chazulidwa, vuto lili pa chingwe, pa poti ya USB (bowo lolowetsamo pulagi) kapena pa magetsi. Ngati nyali ikuyaka n'kuzima bwinobwino mukadina Caps Lock koma zilembo sizikutuluka, kiyibodi ikulankhulana ndi kompyuta, ndiye kayang'aneni mu Windows. Ngati ndi mabatani ochepa okha, vuto lili m'kati mwa kiyibodi momwemo.

Kenako yesani zinthu ziwiri zosavuta. Kiyibodi yanuyo ikeni pa kompyuta ina, ndipo pa kompyuta yanu ikanipo kiyibodi yobwereka. Ngati ndi laputopu, lowetsani kiyibodi ya USB n'kugwira nayo ntchito tsiku lathunthu. Mphindi 5 sizikwana, chifukwa vuto lobwera mwa apo ndi apo limafuna kulidikira.

Ndingadziwe bwanji ngati vuto ndi Windows kapena kiyibodi yeniyeniyo?

Lowani mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke, kumene Windows ilibe mphamvu. Mukangoyatsa kompyuta, dinani mobwerezabwereza F2 pa Dell, Acer ndi Asus, F10 kapena Esc pa HP, F1 pa ThinkPad, kapena Del pa makompyuta ambiri apadesiki. Mukalowa, yendani ndi mabatani a mivi, Tab ndi Enter kwa mphindi 10, mukugwedeza chingwe pang'onopang'ono. Ikakana muli mmenemo, Windows ilibe mlandu ndipo kuifufuta n'kutaya nthawi ndi mafayilo anu pachabe. Ikagwira bwino mu BIOS koma n'kumavuta mukalowa mu Windows, werengani za Filter Keys ndi za kusunga magetsi m'munsimu. Kumbukirani kuti mu BIOS simungayese zilembo zonse, ndiye mayeso a kiyibodi yobwereka aja ndi ofunikabe.

Imasiya ndikasuntha chingwe. Kodi chingwe chimakonzeka?

Chimakonzeka, ndipo ndi ntchito yopepuka kwa amene amadziwa kuwotcherera mawaya. M'kati mwa chingwe cha USB muli timawaya 4: wofiira wa magetsi a 5V, wakuda wa nthaka, woyera ndi wobiriwira onyamula mauthenga. Timaduka m'kati pomwe khungu lakunja likuoneka labwinobwino, ndipo kawirikawiri timadukira malo awiri: pamene chingwe chikutulukira m'kiyibodi ndi pakhosi pa pulagi. Chimachititsa ndi kukulunga chingwe mozungulira kiyibodi poinyamula, kuchipanikiza ndi kabati ya desiki, kapena kuzula mokoka chingwe m'malo mogwira pulagi.

Kuti mupeze podukapo, dinani chilembo chimodzi osachisiya mu Notepad, dzanja lina likupinda chingwe pang'onopang'ono kuyambira ku pulagi mpaka ku kiyibodi. Pamene zilembo zaimira, ndi pomwepo. Ngati muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi imene imalira waya akakhala wosaduka, zulani kiyibodi, itseguleni, ndipo yezani waya aliyense kuchokera pa pulagi kufika pa kabolodi kam'kati mukupinda chingwe. Kulira kukamadukaduka, wayayo ndiye wolakwa.

Ngati paduka pafupi ndi kiyibodi, dulani masentimita 5 mpaka 10, sendani, n'kuwotchereranso pa kabolodi. Ngati ndi ku pulagi, n'kwapafupi kusintha chingwe chonse ndi cha mausi kapena kiyibodi yakufa. Jambulani chithunzi musanachotse waya aliyense, ndipo musakhulupirire mitundu yokha: makiyibodi otsika mtengo ena amagwiritsa ntchito mitundu yawoyawo. Yezani kuti mutsimikize waya wa 5V ndi wa nthaka, chifukwa mukawasinthanitsa kachipangizo kolamulira kiyibodi kakhoza kupsa. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumabwezeretsa vuto lomwelo pakangopita masabata ochepa.

Chingwe chili bwino, koma kiyibodi imazimabe n'kuyakanso yokha. China n'chiyani?

Yang'anani poti. Pulagi ikamagwedera m'poti, timalilime tachitsulo togwira pulagi tatopa kapena poti yayamba kuzuka pa bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta. Unikani ndi tochi ya foni muone ngati muli fumbi loumbika kapena kalilime kapulasitiki kosweka. Pa kompyuta yapadesiki, mapoti akutsogolo amalumikizidwa ndi kachingwe kam'kati komwe kamakhwepa, pomwe akumbuyo ali pa bolodi penipeni. Kiyibodi ikeni kumbuyo.

Chachiwiri ndi hub, kabokosi kogawa poti imodzi ya USB kukhala mapoti angapo. Poti ya USB 2.0 imapereka 500mA basi, ya USB 3.0 imapereka 900mA. Mukaika hub yopanda magetsi akeake n'kulumikizapo kiyibodi, mausi, fulashi, kenako foni yoti itchajidwe, magetsi amatsika ndipo kiyibodi imazima kwa kamphindi. Makiyibodi okhala ndi nyali zamitundumitundu ndiwo amayamba kuvutika.

Chachitatu ndi Windows yomwe, imene imazimitsa mapoti pofuna kusunga batire. Dinani Start ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Device Manager, tsegulani Universal Serial Bus controllers. Pa USB Root Hub iliyonse lowani mu Properties, kenako Power Management, n'kuchotsa chizindikiro pa mawu akuti Allow the computer to turn off this device to save power. Pitaninso ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, ndipo USB selective suspend setting muiike pa Disabled. Ngati kiyibodi yanu imakonda kukana kompyuta ikangodzuka kapena mukaisiya kwa kanthawi, apa ndi pamene pamakhala mankhwala ake.

N'chifukwa chiyani mabatani angapo amafera limodzi, ena onse akugwira?

Funso ili ndi lofunika kulimvetsa chifukwa limakuuzani pokakonza penipeni. Batani lililonse lilibe waya wakewake. Pansi pa mabatani a kiyibodi wamba pali timapepala tapulasitiki 3 tosanjikizana. Kapamwamba ndi kapansi tili ndi tinjira tamagetsi topakidwa ndi utoto wa siliva, kapakati kali ndi mabowo okha. Mukadina batani, kamphira kooneka ngati kachipewa kamakankha kapepala kapamwamba kuti kakhudze kapansi kudzera pabowo. Tinjirato tinayalidwa mopingasa ndi motsika, pa makiyibodi ambiri 8 mbali ina ndi 18 mbali inayo, ndipo batani lililonse lili pamphambano ya tinjira tiwiri. Zili ngati nyumba zotunga madzi pa paipi imodzi: paipi ikaduka, mzere wonse umauma.

Choncho batani limodzi lokha likamavuta, ndi zinyalala pansi pake kapena kamphira kong'ambika. Koma mabatani 5 kapena 8 akamafera limodzi n'kudzukanso limodzi, ngakhale atatalikirana, kanjira kawo ndi kamodzi ndipo kakulephera kukhudza bwino penapake. Kutsuka mabataniwo mmodzimmodzi sikungathandize.

Pa kiyibodi yapadesiki, malo oyamba kukayikira ndi pamene timapepalato timakumana ndi kabolodi, pansi pa nyali zija za Num Lock. Apa sipawotchereredwa. Timapepala timangopanikizidwa pa tinjira takuda ta kabolodi ndi kamzere ka mphira ndi kachitsulo komangidwa ndi masikuluwu 2 kapena 3. Masikuluwu akakhwepa kapena chinyezi cha nthawi ya mvula chikalowapo, kanjira kena kamakhudza lero, mawa ayi. Masulani, pukutani mbali zonse ziwiri ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi isopropyl (sipiliti yotsukira zipangizo zamagetsi), osapala ndi mpeni kapena sandipepala chifukwa chakudacho ndi chimene chimadutsitsa magetsi, yalani molunjika, n'kumanga masikuluwu mofanana. Makiyibodi ena otayidwa m'maofesi akanachira ndi ntchito ya mphindi 15 imeneyi.

Ngati kanjira kada kapena kadyeka penapake, kayezeni ndi multimeter pa ma ohm, osati pa kulira, chifukwa utoto wa siliva nthawi zina sulizitsa mita ngakhale uli bwino. Poduka pamalumikizidwa ndi cholembera cha utoto wa siliva, n'kusiya kuti uume monga mwa malangizo ake. Chitsulo chowotcherera musachiyandikizeko, pulasitikiyo imasungunuka.

Kodi fumbi lingachititse zimenezi? Nditsuke bwanji?

Lingachititse ndithu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, mphepo ya mu Lusaka imalowetsa fumbi paliponse, makamaka m'mashopu ndi m'ma intaneti kafe a m'mbali mwa misewu ya ku Kanyama, Chawama kapena Kamwala. Fumbi likasakanikirana ndi mafuta a m'zala, nyenyeswa za buledi ndi makoko a nsawawa limaumbika pansi pa mabatani. Nyenyeswazo zimaitananso nyerere ndi timphemvu, ndipo ndowe zake zimadya tinjira tamagetsi.

Zulani kiyibodi kapena zimitsani laputopu. Itembenuzeni, igogodeni pang'ono kumsana, n'kusesa pakati pa mabatani ndi burashi yopentera yatsopano kapena mswachi wouma. Pouzira mpweya ipendeketseni kuti zinyalala zituluke m'malo molowa m'kati, ndipo bulowa yamphamvu ikhale patali pang'ono, makamaka pa laputopu. Pakamwa musauzire, mumalowetsa malovu.

Mabatani a kiyibodi yapadesiki amazuka mukawatukula ndi sikuludiraiva yaphwatalala. Jambulani kaye chithunzi kuti mudziwe powabwezera. Aviikeni m'madzi ofunda a sopo, atsukuluzeni, ndipo aume usiku wonse. Space, Shift ndi Enter ali ndi kawaya kochirikiza pansi, onetsetsani kuti kalowa m'malo mwake powabwezera. Mabatani a laputopu ndi nkhani ina: ali pa timapulasitiki topingasana ngati sizasi, tothyoka msanga. Zulani lokhalo lovuta, motukula ndi chikhadabo pang'onopang'ono.

Chotsukira choyenera ndi isopropyl ya 90% kapena kuposa. Sipiliti yapepo ija ya m'mashopu imasiya utoto, ndiye musaiike pa tinjira tamagetsi. Petulo, thina ndi chochotsera utoto wa m'zikhadabo zimasungunula pulasitiki ndi kufufuta zilembo. WD-40 wamba imasiya mafuta okoka fumbi lina.

Ndinatayira tiyi sabata yatha. Inauma n'kugwira, koma tsopano yayamba kuvuta. Bwanji?

Madzi anauma koma shuga ndi mkaka zinatsala. Zotsalirazo zimakoka chinyezi, zimalumikiza tinjira tosayenera kulumikizana, ndipo pang'onopang'ono zimadya siliva. N'chifukwa chake mumaona batani limodzi likutulutsa zilembo ziwiri, kapena kiyibodi ikulemba yokha, makamaka m'mawa kapena kunja kukugwa mvula.

Kiyibodi yapadesiki itseguleni, patulani timapepala tija mosamala, titsukeni ndi madzi a distilled, opanda laimu kapena mchere, mumalize ndi isopropyl. Madzi apampopi ndi a m'zitsime za mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amayeretsa m'kati mwa ketulo, ndipo amasiya zotsalira zakezake. Gulani madzi othira m'batire la galimoto, koma werengani botolo mutsimikize kuti ndi madzi okha, si asidi. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo kwa maola 48. Dzuwa la mu Okutobala ndi chowumitsira tsitsi zimapinda timapepalato, ndipo mpunga suchotsa shuga.

Laputopu ikatayikiridwa, izimitseni nthawi yomweyo pogwira batani loyatsira, zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka, itembenuzeni ili chotsegula. Musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Kiyibodi ya laputopu ndi yomatidwa ndipo kawirikawiri siitsukika m'kati, imafuna kusinthidwa. Chofunika kwambiri n'chakuti wina aione bolodi yaikulu pansi pake dzimbiri lisanayambe.

Pa laputopu, kiyibodi imagwira ndikakanikiza pakona kapena ndikainyamula mwanjira ina. Zikutanthauzanji?

Riboni yakhwepa. Kiyibodi ya laputopu imalumikizidwa ku bolodi ndi kalamba kopyapyala kolowa m'kachotsekera kokhala ndi kachitseko. Kugwedezeka m'chikwama pa minibasi, kugwa, kapena kunyamula laputopu pakona imodzi kumakasuntha pang'ono pokha, n'kukwanira kuti tinjira tina tisakhudze.

Zimitsani, zulani chaja, tsegulani, ndipo chinthu choyamba muzule pulagi ya batire pa bolodi. Gwirani chitsulo chokhudza pansi kuti muchotse magetsi a m'thupi, makamaka m'miyezi youma. Tukulani kachitseko ndi chikhadabo, ena amatseguka motukula, ena mokoka pang'ono. Solorani riboni, pukutani kumapeto kwake ndi isopropyl, iume, ilowetseni molunjika mpaka kamzere kolembedwa pa riboni kafanane ndi m'mphepete mwa chotsekera, n'kutseka. Kachitsekoko kakathyoka, ntchito yaing'ono yasanduka yaikulu, choncho musakakamize. Mukaona riboni yopindika mpaka kuthyoka, kiyibodi yonse isinthidwe. Laputopu ikadali pa waranti, ibwezeni kumene munagula musanaitsegule.

Musanatseke, yang'anani batire. Ngati latupa, kapena mwaona kuti kiyibodi yatukuka pakati, touchpad yauma kudina, kapena laputopu ikugwedera patebulo lathyathyathya, batirelo ndi limene likukankha kiyibodi. Lekani kutchaja lero lomwe. Musaliboole kapena kulikanikiza, likhoza kuyaka moto, ndipo musalitaye padzala.

Nanga yopanda chingwe?

Yambani ndi mabatire. La AA kapena AAA latsopano limakhala 1.5V, ndipo likatsika kufika cha m'ma 1.1V makiyibodi ambiri amayamba kudumpha zilembo. Sinthani onse pamodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Mukaona ufa woyera pa tizitsulo togwira batire, pukutani ndi thonje la viniga pang'ono, muumitse.

Kenako dongle, kachipangizo kaja kolowetsa pa poti ya USB kolandira mauthenga a kiyibodi. Imagwiritsa ntchito 2.4GHz, pomwenso pali Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo mapoti ndi zingwe za USB 3.0, zija zabuluu m'kati, zimatulutsa phokoso losokoneza pomwepo. Ichotseni pafupi ndi hadi disiki yakunja kapena MiFi, iikeni pa poti ya USB 2.0, kapena ibweretseni patebulo ndi kachingwe kowonjezera. Kuseri kwa bokosi lachitsulo la kompyuta ndi malo oipa kwambiri. Ya Bluetooth imagona ikakhala osadinidwa, ndiye kuchedwa kwa chilembo choyamba si vuto. Ikamaduka pakati pa ntchito, ichotseni mu Settings n'kuilumikizanso mwatsopano.

Vuto limayamba malaiti akapita n'kubwera, kapena ndikakhala pa inveta. Zikugwirizana?

Zikhoza kugwirizana. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kuchititsa kuti magetsi azizima maola ambiri, nyumba ndi mashopu ambiri ankadalira mainveta ndi majenereta. Inveta yotsika mtengo, chaja yosakhala yeniyeni, kapena soketi yopanda waya wa nthaka zimalowetsa phokoso m'magetsi a kompyuta. Mumazindikira ndi mausi yolumphalumpha ndi kunyerenyesa mukagwira chitsulo cha laputopu. Zulani chaja mugwire ntchito pa batire lokha. Vuto likatha, sinthani chaja kapena itanani wamagetsi aone nthaka, kiyibodi ilibe chifukwa.

Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, kachipangizo koyang'anira kiyibodi nthawi zina kamasokonezeka. Zulani magetsi onse, gwirani batani loyatsira masekondi 30, n'kuyatsanso. Dziwaninso kuti pa Windows 10 ndi 11, Shut down siimazimitsa zonse ngati Fast Startup, njira yothandiza Windows kuyaka mwachangu, ili yoyatsa. Sankhani Restart, kapena zimitsani Fast Startup mu Power Options, pa Choose what the power buttons do.

Mu Windows ndi ziti zimene zimanamizira kiyibodi yabwino?

Yoyamba ndi Filter Keys. Imayaka mukagwira Shift yakumanja masekondi 8, ndipo ikayaka kompyuta imanyalanyaza kudina kwachangu, moti mumaona ngati zilembo zikusowa. Sticky Keys, imene imasunga Shift kapena Ctrl ngati mukuigwirabe, imayaka mukadina Shift ka 5. Zonse zimitsani mu Settings, pa Ease of Access mu Windows 10 kapena Accessibility mu Windows 11, kenako Keyboard, ndipo muzimitsenso njira yake yachidule kuti ana asaziyatsenso posewera.

Ngati pa laputopu J, K ndi L zikutulutsa 1, 2 ndi 3, ndi Num Lock, dinani Fn pamodzi nayo. Ngati @ ndi " zasinthana malo, Windows yasintha pakati pa kiyibodi ya UK ndi ya US, dinani batani la Windows pamodzi ndi Space. Dalaivala, kapulogalamu kolumikiza kiyibodi ndi Windows, mumaikonza mu Device Manager pa Keyboards: sankhani Uninstall device, n'kupanga Restart, imabwerera yokha. Ngati zilembo zikutuluka mochedwa koma zonse zikufika, onani mu Task Manager, kompyuta ndiyo yalemedwa.

Kiyibodi yanga ndi mechanical ndipo batani lina limalemba kawiri kapena kukana.

Apa batani lililonse lili ndi siwichi yakeyake, ndipo tizitsulo tam'kati tada kapena tatopa. Zulani kiyibodi, chotsani chipewa cha batani, kanikizani siwichi n'kudonthezamo madontho 2 a isopropyl, dinani kambirimbiri, isiyeni iume ola limodzi. Likabwerera, sinthani siwichi. Pa makiyibodi a hot-swap imazuka ndi kachokokera, ingoonetsetsani kuti timiyendo ta yatsopano tawongoka. Pa ena muyenera kusungunula powotcherera pawiri. Yang'ananinso ming'alu pamalo owotcherera, imabweretsa vuto lofanana.

Ya pulagi yozungulira yapepo ija bwanji?

Imeneyo ndi PS/2 ya timapini 6. Siyenera kuzulidwa kapena kulowetsedwa kompyuta ikuyaka, ndipo siidziwika mpaka mutayatsanso. Onani ngati pali kapini kopindika.

Ndifike pati ndisanagule ina, ndipo ndikapita kwa okonza ndinyamule chiyani?

Kiyibodi wamba ya USB ikakana mutakonza chingwe ndi kupukuta polumikizira, gulani ina, ntchito yoposa apa imadya ndalama zoposa mtengo wake. Ya laputopu ndi mechanical ndizo zoyenera kuvutikira.

Mukamapita kwa okonza a m'tauni, kaya ku Katondo Street kapena cha ku Cairo Road, nyamulani laputopu, chaja yake, ndi pepala lija la mabatani okana ndi nthawi imene amakana. Nambala ya modelo ili pansi pa laputopu, koma yodalirika kwambiri ndi nambala yolembedwa kumsana kwa kiyibodi yakale. Yerekezani utali ndi malo a riboni, maonekedwe a Enter, komanso ngati ili ndi riboni yachiwiri ya nyali. Funsani ngati kiyibodi yanu imachoka payokha kapena inakhomeredwa ku chivundikiro chapamwamba ndi timisomali tapulasitiki, chifukwa mtengo wa ntchito umasiyana kwambiri. Pemphani kuti ayambe abwezeretsa riboni asanakugulitseni yatsopano. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, yesani batani lililonse mu Notepad muli pomwepo, ndipo masiku obwezera alembedwe pa lisiti. Koperani mafayilo anu musanaisiye.

Ngati laputopu ikukana kiyibodi yatsopano ngati mmene inkakanira yakale, vuto lili pa chotsekera riboni kapena pa kachipangizo ka pa bolodi, ndipo pamafunika wodziwa kuwotcherera tinthu ting'onoting'ono. Podikira, kiyibodi ya USB ikugwirirani ntchito, ndipo mabatani a Windows, Ctrl ndi O pamodzi amatulutsa kiyibodi yapasikirini. Ngati mwakanika polemba pasiwedi, dinani ndi mausi kachizindikiro ka Accessibility pakona yakumanja m'munsi, musankhe On-Screen Keyboard.